Mizere ya Pakhosi pa Mtsuko: Luso ndi Kukongola m'Nthawi ya Nkhondo

Nkhani yokambidwa pa mwambo wa chaka chino

 

Ine ndine mphunzitsi. Zida zanga ndi choko ndi bolodi, ndipo pabwalo ngati lino malo ondiyenera ndi kumbuyo uko, pakati pa oomba m'manja. Koma akuluakulu andituma kuti ndiyankhulepo pa mutu wolemera: kodi luso ndi kukongola zili ndi phindu lanji pamene nkhondo ikuwononga zonse? Ndikudziwa kuti ena mukudabwa. Ng'oma zawambidwa kale, amayi amanga zitenje m'chiuno, thobwa lili m'mbiya. Nanga nkhondo tikuitchuliranji pa tsiku la chimwemwe? Tikuitchula chifukwa pabwalo pomwe pano pakhala anthu amene anaithawa ndi mapazi awo, ndi ena amene anawalandira. Tikuitchulanso chifukwa zimene tabwera kudzaonerera lerozi zinadutsa m'moto kuti zitifike, ndipo nkoyenera kuti ana athu adziwe zimenezi.

Chaka chatha ndinali kuphunzitsa ndakatulo m'kalasi ya Fomu 4. Mnyamata wina, amene anali ataona pafoni zithunzi za mizinda yogumulidwa ndi mabomba kumaiko akutali, anakweza dzanja nati: "Aphunzitsi, kodi ndakatulo imeneyi ingaimitse chipolopolo?" Anzake anaseka. Ine ndinamuyankha zoona, kuti ayi, singaimitse. Iye anati: "Nanga tikuvutikiranji nayo?" Belu linalira ndisanamuyankhe, ndipo funsolo ndakhala ndikugona nalo. Lero ndabwera kudzamaliza yankho. Sindipita nanu kumaiko akutaliwo, chifukwa nkhondo imene ine ndinaiona zipsera zake inachitikira kuseri kwa nkhokwe zathu.

Ndinakulira m'boma la Dedza, m'mudzi woyandikana ndi malire. Amene mumayenda pa msewu waukulu wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre mukudziwa kuti cha ku Lizulu ndi ku Biriwiri msewuwo ndiwo malire enieniwo: phazi lina ku Malawi, lina ku Mozambique. Anthu a tsidya lija, a ku Angónia, ndi abale athu. Chiyankhulo ndi chimodzi, timakwatirana, timaikana maliro. Dziko lawo linalandira ufulu pa 25 Juni 1975 litamenyana ndi Apwitikizi kwa zaka khumi. Mtendere sunakhalitse. Kunabuka nkhondo ya pachiweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, ndipo inapitirira mpaka mu 1992. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ena ndi mfuti, ambiri ndi njala ndi matenda zimene zimatsata mfuti pambuyo.

Mu 1986 nkhondo inafika poipa m'zigawo za Tete ndi Zambézia, ndipo anthu anayamba kukhamukira kuno. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anali atapitirira 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Ena anaikidwa m'misasa ikuluikulu monga wa Mankhokwe ku Nsanje komweko, koma kwathu ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri anangolowa m'midzi, anyakwawa nawalozera pomanga. Ine ndinali mnyamata wongoyamba kumene sekondale.

Pakati pa anthu amene anapatsidwa malo pafupi ndi nyumba yathu panali amayi ena a msinkhu wa amayi anga. Dzina lawo ndilisunga. Ife ana tinkangoti amayi a kutsidya. Anafika ndi ana awiri, chitenje chimodzi ndi poto wobooka. Amuna awo ndi mwana wawo wachisamba anawasiya m'njira, osaikidwa m'manda. Abambo a m'mudzi anawazikira kachisakasa ka mapesi ndi udzu, koti munthu wamtali sakanaimamo chilili. Patangopita masiku ochepa, asanadziwe n'komwe kuti mawa adya chiyani, amayi aja anapita kudambo kukakumba dothi lakuda. Anazira pansi pa kachisakasa kaja, nakulungiza ndi nkhulungo mpaka kunyezimira, ndipo m'mphepete anapitamo ndi mzere wa dothi loyera. Kenaka anakafuna mtapo naumba mtsuko.

Ndinawapeza atakhala pamthunzi, mtsuko uli wauwisi pamiyendo, akulemba mizere pakhosi pake ndi kabango kosongoka. Inali mizere yokhotakhota, itatuitatu, yokumana ngati mano a chipeso, ndipo inawatengera masana onse. Mwa chibwana changa ndinawafunsa kuti: "Amayi, kodi mtsuko wopanda maluwa sutunga madzi?" Iwo sanakweze mutu. Anati: "Umatunga, mwanangu. Ngakhale chitini chadzimbiri chimatunga. Koma mizere iyi ndi ya amayi anga, ndipo iwo anaitenga kwa amayi awo. Mudzi anatentha. Kumanda sindingafikeko. Ndikasiyanso iyi, nditsala ndi chiyani chosonyeza kuti ndinabadwa kwa anthu?"

Ndaphunzira ku yunivesite, ndawerenga mabuku, koma pa mutu umene mwandipatsawu palibe amene anandiphunzitsa koposa amayi amenewa. Nkhondo imapha thupi, ndipo zimenezo aliyense amaziona. Koma ili ndi ntchito ina imene imagwira mwakachetechete pa amene yawasiya amoyo: imawavula umunthu. Munthu amene dzulo anali mlimi wodziwika, namkungwi, mmisiri wa ng'oma, lero wasanduka nambala pa khadi lolandirira ufa, nyemba ndi mafuta. Chakudya chimenecho chinapulumutsa miyoyo, ndipo sitingachinyoze. Komabe khadi limawerenga pakamwa basi. Silifunsa kuti ndinu a Banda kapena a Phiri, silidziwa nyimbo imene munavinira chinamwali. Mizere ya pamtsuko ija inali njira ya amayi aja yokanira kusanduka nambala. Mimba inkalandira za pakhadi, koma dzina lawo ankalisunga okha ndi zala zawo.

Amene munali achikulire masiku amenewo munaonako anthu ofika kuno atadulidwa makutu, mphuno kapena milomo. Taganizani mofatsa za nkhanza imeneyi. Khutu ndi pamene mtsikana amakolowekapo ndolo. Nkhope ndi pamene agogo athu ankatemapo mphini. Mlomo ndiwo umaimba ndi kululutira. Wochita nkhanzayo ankadziwa bwino kuti akawononga malo amene munthu amaikapo kukongola kwake, wawopseza mudzi wonse popanda kuwononga chipolopolo. Ngati nkhondo imalimbana ndi kukongola mwadala chotere, ndiye kuti imakudziwa kufunika kwake kuposa ife amene timati ndi zamasewera.

Patapita chaka, amayi a kutsidya anapita kwa anyakwawa ndi pempho. Amuna awo anali asanaliridwe mwa mwambo, ndipo iwo sankagona tulo. Anasunga chimanga pang'onopang'ono, anansi anasonkhako, mowa unafululidwa, ndipo gule anatuluka. Za kudambwe sizikambidwa pagulu, choncho ndingonena zimene maso a aliyense anaona. Chifikire m'mudzi mwathu amayi aja tinali tisanawaonepo akulira. Koma mbalule italira, amayi anzawo atayambitsa nyimbo, iwo anagwa pansi nalira mpaka mawu kusasa. M'mawa mwake anameta, nasesa pakhomo, ndipo madzulo tinawamva akuseka ndi amayi anga pamtondo. Panalibe mtembo, panalibe manda. Ng'oma ndi nyimbo ndizo zinakhala njira imene chisoni chinadzera kuti chituluke. Chisoni chosowa potulukira chimaola m'kati, ndipo nthawi zambiri chimabala mtima wobwezera. Ndi chifukwa chake ndimati mmisiri wa ng'oma amagwira ntchito ya mtendere, ngakhale dzina lake sililembedwa pa mapangano.

Zimenezi sizinayambe ndi amayi aja. Mtunda wochepa kuchokera kwathu kuli mapiri a Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, eni dziko akale. Zoyera ndi za makolo athu: zina za amayi zophunzitsira anamwali, zina zoonetsa zilombo za gule, monga za ku Namzeze. M'zaka za m'ma 1800, nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ya ogula akapolo, anthu ankathawira m'mapiri ndi m'mapanga, ndipo pambuyo pake amishoni ndi boma la atsamunda nawonso analimbana ndi gule. Akatswiri ofufuza amagwirizanitsa zithunzi za zilombozi ndi nyengo zimenezo, pamene mwambo unkachitika mobisa. Zimene makolo athu analephera kuvina pabwalo anazilemba pathanthwe kuti adzukulu adzazipeze. Mu 2005 UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha mtundu wonse wa anthu, m'dzina la maiko atatu, Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ulemu umenewo unasungidwa ndi anthu amantha, anjala, obisala m'mapanga, amene sanalole kuti mantha awalande chilichonse chimene anali nacho m'mutu ndi m'manja.

Tsopano tibwerere ku Mozambique, tione zimene zinachitika mfuti zitakhala chete. Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Rome, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana pangano la mtendere. Anthu anayamba kubwerera kwawo, koma zida zinatsala paliponse: m'madenga, m'nkhokwe, m'maenje a kutchire. Mabomba okwirira pansi anapitiriza kudula miyendo ya alimi ndi ana, moti dzikolo linalengeza kuti lamaliza kuchotsa onse odziwika mu 2015, patatha zaka 23. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, pamodzi ndi bungwe la mipingo yachikhristu m'dzikomo, anayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza kusandutsa zida kukhala makasu. Ganizoli analitenga m'buku la mneneri Yesaya. Iye ankauza anthu kuti kugona ndi mfuti m'chipinda kuli ngati kugona ndi njoka. Wobweretsa mfuti sankafunsidwa kuti waitenga kuti. Ankangolandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Zida zoposa 600,000, zazikulu ndi zazing'ono, zinasonkhanitsidwa motero.

Zidazo ankazidula kuti zisadzalirenso, ndipo zidutswa zina anazipereka kwa amisiri a ku Núcleo de Arte mumzinda wa Maputo. Mmodzi wa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina loti Kester, mu 2001 anawotcherera zidutswazo napanga mpando wachifumu umene umatchedwa Throne of Weapons. Nyumba yosungira zakale ya British Museum ku London inaugula mu 2002. Inu mafumu mukudziwa kulemera kwa mpando. Kester anafunsa dziko lonse funso popanda kuyankhula: kodi ufumu wokhala pa mfuti ndi ufumu wotani? Pa mfuti zonse za mumpandomo palibe ndi imodzi yomwe imene inapangidwa mu Africa. Zinachokera ku Ulaya ndi ku Asia, zina za mtundu wa AK-47, zina za G3. Ndipo pamwamba pa choyedzamira chake pali matako a mfuti amene mabowo ake a misomali ndi polowa lamba amaoneka ngati maso ndi kamwa yomwetulira. Kester sanasemepo nkhope zimenezo. Anazipeza zili momwemo, nangozitembenuza kuti tizione.

Pambuyo pake amisiri anayi, Kester yemweyo, Hilario Nhatugueja, Fiel dos Santos ndi Adelino Serafim Maté, anapanga mtengo wachitsulo wotalika mamita oposa 3, wolemera pafupifupi theka la tani, wotchedwa Tree of Life, ndiko kuti mtengo wa moyo. Unayamba kuonetsedwa ku London mu 2005. Thunthu, nthambi ndi masamba ake ndi zidutswa za mfuti, ndipo patsinde pake pali tinyama ndi mbalame zopangidwa ndi zida zomwezo. Mukaima patali mumaona mtengo wa mthunzi, woti akuluakulu angaweruzirepo mlandu. Mukayandikira mumaona mipope ya mfuti ndi mokhala zipolopolo. Mbendera ya Mozambique ili ndi mfuti, khasu ndi buku pamodzi. Amisiriwa anaonetsa kuti mfutiyo ikhoza kugonjera ziwiri zinazo.

Apa ndiime kaye, chifukwa pali chitsutso chimene sindingachilumphe. Wina anganene kuti: "Aphunzitsi, mfuti imene yasanduka tsamba la mtengoyo mwina ndi yomwe inapha amuna a amayi a kutsidya aja. Kodi kuikongoletsa si kunyoza akufa? Ndipo zosemazo zili ku London, kumene anthu okhuta amakazionera, pamene amasiye ali ku Angónia." Chitsutsochi ndi choona mbali ina, ndipo chimandiluma. Kulidi kukongola kwina kumene ntchito yake ndi kuphimba, ngati kuzira nyumba imene pansi pake pakwiriridwa munthu. Kukongola koteroko ndi bodza, ndipo kumathandiza wakupha kuti aiwalike.

Koma taonani chimene amisiri a ku Maputo anachita. Sanasungunule mfuti kuti isadziwike. Anaisiya ikuoneka kuti ndi mfuti, yothyoka, yopanda mphamvu, kuti woona asaiwale kumene mtengowo unamera. Chomwechonso Malangatana Valente Ngwenya, wojambula wamkulu wa dzikolo, amene anabadwa mu 1936 namwalira mu 2011. Apolisi achinsinsi a Apwitikizi anamutsekera m'ndende miyezi 18, ndipo anakhala ndi moyo kupyola nkhondo zonse ziwiri. Zithunzi zake ndi zodzaza ndi nkhope zothithikana, maso otong'oka, mano, zikhadabo ndi magazi. Sizokoma kuziyang'ana, komabe munthu sachotsapo maso. Kukongola kwake kuli m'kunena zoona mwa dongosolo loti mtima ungazipirire. Choncho ndikanakumana ndi wotsutsa uja ndikanamuuza kuti luso loyenera akufa ndi limene limakumbutsa popanda kuitanira kubwezera. Za kukhala kwa zosemazo ku London, pamenepo ndikugwirizana naye: zikanayenera kumaonedwanso ndi ana a ku Tete. Komabe nkofunikanso kuti a kumaiko opanga mfuti aone katundu wawo atabwerera kwawo ali chomwecho.

Pali choopsa china chimene tiyenera kuvomereza ife okonda zaluso. Luso lilibe mtima wake. Limatenga mtima wa mwini wake. Ng'oma yomwe imatonthoza amasiye ndi yomwenso imamemeza anyamata kunkhondo. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkaulutsa nyimbo zokoma m'khutu pakati pa mauthenga olimbikitsa anthu kupha anansi awo. Oimba ndi oulutsa mawu anathandiza kunola zikwanje. Choncho sitinganene kuti chilichonse chokoma m'khutu kapena m'maso ndi chabwino. Muyeso wake, monga ndikuonera ine, ndi uwu: kodi luso limeneli likubwezera munthu nkhope yake, kapena likumuchotsera nkhope kuti kumupweteka kusavute? Mtsuko wa amayi aja unkabwezera nkhope. Nyimbo yotcha mtundu wina kuti mphemvu imachotsa nkhope.

Makolo athu anali akatswiri potembenuza zankhondo kuti zikhale zamtendere. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, amuna ambiri a dziko lino anatengedwa, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ochuluka ngati amtengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi katundu kumutu. Obwerera anabwera ndi perete m'miyendo. Kodi anachita naye chiyani? Anamusandutsa gule. Beni, malipenga ndi mganda ndi magule amene mizere yake, maudindo ake ndi zovala zake zimakumbutsa usilikali, koma m'malo mwa mfuti muli ndodo, m'malo mwa lipenga lamkuwa muli chikho, ndipo opikisana amalimbana pa ukhondo ndi kuponda kwa phazi. Nawonso abale athu Angoni, amene makolo awo ankathamangitsa makolo athu kumapiri, lero amavina ingoma ndi chishango ndi nthungo pa zisangalalo, ife tili pomwepo kuwaombera m'manja ndi kuwafupa. Zimene Kester anachita ndi chitsulo, agogo athu anazichita kale ndi miyendo.

Ndipo nkhaniyi sinathe. Ku Dowa kuli msasa wa Dzaleka, malo amene kale anali ndende ya andale, ndipo kuyambira mu 1994 amasunga othawa nkhondo, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Lero kuli anthu oposa 50,000 pa malo amene anakonzedwera anthu ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Mu 2014 mlakatuli wa ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, anayambitsa kumeneko chikondwerero cha zaluso chotchedwa Tumaini, mawu a Chiswahili otanthauza chiyembekezo. Amalawi amakwera magalimoto kupita kumsasa kukaonerera, ndipo ena amagona m'nyumba za othawa kwawowo. Kwa masiku amenewo, munthu amene chaka chonse amaima pamzere ndi khadi amakhala mwini nyumba wolandira alendo. Ndi mizere ya pamtsuko yomwe ija, yalembedwa ndi manja ena.

Nanga ife, amene Chauta watipatsa dziko losadziwa nkhondo ya pachiweniweni, titengepo chiyani? Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndili ndi mapempho anayi, ndipo ndiwapereka modzichepetsa.

Loyamba ndi kwa inu mafumu ndi akuluakulu a kudambwe. Gule amene anasungidwa m'mapanga ndi misozi asasanduke chida choopsezera anthu. Tonse tamvapo za zilombo zotengedwa ndi ndalama kukasokoneza misonkhano ya ndale, kapena kukathamangitsa anthu pamsewu popanda mwambo. Tikalola zimenezo, tatenga khasu ndi kulisandutsa mfuti. Mphamvu yoletsa ili m'manja mwanu.

Lachiwiri ndi kwa bungwe lathu. Anthu amene anathawa nkhondo ija ndi amene anawalandira akukalamba, ndipo chaka chilichonse timaika ena. Titume achinyamata athu ndi mafoni awo, apite mwaulemu, apemphe chilolezo, ajambule nkhani zawo, nyimbo zimene ankaimba m'misasa ndi luso limene anabwera nalo. Tichite mbali zonse ziwiri za malire. Abale a ku Mozambique amene muli pano, ntchitoyi tigwirire limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Lachitatu ndi kwa makolo ndi aphunzitsi anzanga. Mwana akamaumba ng'ombe zadothi, akamajambula kumbuyo kwa kope, akamapeka nyimbo, tisamulalatire kuti akutaya nthawi. Masamu ndi sayansi aphunzire ndithu, pakuti dziko likufuna madokotala. Koma tsiku la tsoka likadzafika, nyumba ndi satifiketi zikhoza kupsa, ndipo chotsala chidzakhala chimene chili m'mutu ndi m'zala. Agogo amene mumadziwa kuumba, kuluka mikeka ndi malichero, kutunga mikanda ndi kusema ng'oma, musapite nazo kumanda. Itanani mdzukulu akhale pambali panu.

Lachinayi ndi kwa tonsefe. Ng'oma imachokera ku mtengo, ndipo mitengo ikutha. Mtapo uli kudambo, ndipo madambo tikuwalima mpaka m'madzi. Zojambula za ku Chongoni zapirira zaka mazanamazana, koma moto wolusa ndi makala a ana olemba mayina awo pathanthwe zingazifafanize m'nyengo imodzi. Chingakhale chamanyazi kuti zimene nkhondo inalephera kuwononga ziwonongeke ndi mphwayi zathu pa nthawi ya mtendere. Ndipo mukamagula kwa mmisiri lero pa mwambo uno, musamunenerere mtengo mpaka kumulanda.

Ndimalize ndi amayi a kutsidya. Mu 1994, chaka chimene dziko lawo linachita chisankho choyamba cha zipani zambiri, iwo anamanga katundu wawo kubwerera kwawo, monga anachitira anthu oposa 1.5 miliyoni ochokera m'maiko oyandikana nalo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tsiku lonyamuka anabwera ndi mtsuko uja naupereka kwa amayi anga. Anati kwawo akaumba wina, chifukwa mizere ali nayo m'manja. Amayi anga anatisiya, koma mtsukowo ulipo mpaka lero. Unabenthuka pamlomo ndipo sutunganso madzi; timasungiramo nthanga za maungu zodzala. Mchemwali wanga, amene ankakhala pambali pa amayi aja akamaumba, anaiphunzira mizere ija, naphunzitsa ana ake. Mukapita kumsika wa kwathu mudzaipeza pa mitsuko ya anthu amene sanamvepo kulira kwa mfuti. Mudzi umene mizereyo inachokera unatenthedwa, koma mizere ya agogo a kumeneko ikutungabe madzi ku Dedza.

Kwa wophunzira wanga uja, ngati ali pano kapena adzawerenga kabuku aka, yankho langa ndi ili. Mwanawe, unanena zoona: ndakatulo siimitsa chipolopolo, ndipo mtsuko suzimitsa mudzi woyaka. Oimitsa nkhondo ndi atsogoleri olimba mtima okhala pansi kukambirana, monga anachitira ku Rome. Koma chipolopolo chikadutsa, pamafunika wina wotola otsala ndi kuwakumbutsa kuti ndi ana a yani. Makolo anati nkhondo simanga mudzi. Omanga mudzi ndi aja amene, phulusa lisanazizire, amapita kudambo kukakumba dothi, nazira pansi, nalemba mzere woyera m'mphepete.

Mafumu, ndalankhula motalika pamaso panu. Pamene ndaphophonya mundikonze ngati mwana wanu. Oimba ng'oma, bwalo ndi lanu.